Nyimbo pansi pa madzi

Abale inu, lero m'mawa ndalowa mu pool ndi ka MP3 kanga katsopano, mutu uli pansi pa madzi koma nyimbo ikulira bwinobwino m'makutu, mpaka ndinasokonezeka kuwerenga kuti ndapita kangati uku ndi uku kkkk. Mukukakumbukira kotchipa kaja kolembedwa "waterproof" pa bokosi? Kanapirira masiku awiri basi, lachitatu kanayamba kulira ngati chule kenako zii. Nditabwerera kokagula akuti aah bwana kameneko ndi ka thukuta ndi mvula yowaza, osati kosambira nako. Ndalama zanga zinapita choncho.

Ulendo uno ndinayamba ndafufuza kaye. Nkhani ili pa tizilembo tija ta pa bokosi tosonyeza mmene chipangizo chimapiririra madzi, IPX4 ndi kongopirira madzi owaza, komira nako kamafunika IPX8. Ndipo asakunamizeni ndi Bluetooth, m'madzi siyenda, foni uyisiye pambali pompo koma mutu ukangomira nyimbo yaduka, ndiye pamafunika kosunga nyimbo mkati mwake momwemo. Ine ndatenga ka Sony Walkman ka 4GB kongozungulira kumbuyo kwa mutu kopanda waya olendewera, nyimbo ndathira kuchokera pa laputopu ngati muja tinkachitira ndi ma memory card.

Kukavuta pang'ono ndi timalabala ta m'makutu, ndayesa masayizi atatu ndisanapeze togwira, ukaika tolakwika madzi alowa nyimbo imamveka ngati ili mu ndowa. Koma ayi ndithu ndakakonda, pa Khirisimasi kakalawe madzi a ku Senga Bay.