Kavalo wokalamba ndi gaga wanga

Za ziboda tinaphunzira masiku awiri okha. Kuno ku Angónia maphunziro a ziweto amatsamira pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, ndipo m'pomveka, akavalo ndi owerengeka. Mphunzitsi akujambula chiboda pa bolodi, ine ndinkangokopera za mayeso. Ndinalemba mawu akuti laminitis, dzina la matenda owononga timinofu ta m'kati mwa chiboda, ndinadula mzere kunsi kwake, basi.

Mu Disembala ananditumiza kukaphunzira ntchito pa famu ina kunja kwa Ulónguè. Ndinapezako kavalo wamkazi wa zaka zoposa 20, msana wolowa, ubweya wautali wopotanapotana ngati tili mu Juni. Ndinamumvera chisoni. Ndinauza abambo omusamala kuti amuwonjezere gaga, azimumangiriranso kudambo kumene msipu unali utangophuka. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Ophunzira ndinu, achimwene. Tichita."

Pasanathe masabata awiri kavalo uja anakana kutuluka m'khola. Anaima atatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo, thupi atalikankhira kumbuyo ngati akufuna kukhala pansi. Kumukoka kuti atembenuke, ankaponda ngati pansi pali makala amoto.

Dokotala wa ziweto atafika sanakalipe. Anagwira dzanja langa n'kuika zala zanga kumbuyo kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda. "Ukumva chiyani, mwana wanga?" Mtsempha unkagunda mwamphamvu, miyendo yonse iwiri, ziboda zili zotentha. Kavalo wabwinobwino kugunda kumeneku sikumveka msanga. Akanakhala mafinya m'chiboda, anatero, bwenzi akutsimphina mwendo umodzi. Inali laminitis ija.

Chithunzi cha pa bolodi chija ndinachimvetsa tsiku limenelo. Fupa lomaliza la mwendo wa kavalo silikhala pansi, limalendewera m'kati mwa chiboda, logwiridwa ndi timinofu topyapyala tolowana ngati zala za manja awiri. Timinofuto tikafooka fupa limapendekera pansi, nthawi zina mpaka kuboola kuphazi. Ndipo nyama yonse ija, kulemera kwake konse, yaima pomwepo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ubweya uja. Ndinauona tsiku loyamba koma sindinauwerenge. Kavalo wopitirira zaka 15 amene sathothoka ubweya nyengo yotentha, minofu ya pamsana ikutha, akumwa madzi ambiri, kawirikawiri amakhala ndi matenda a Cushing, amene madokotala amawatcha PPID. Ambiri otere thupi lawo silithana bwino ndi shuga. Insulini, imene imayendetsa shuga m'magazi, imakwera, ndipo insulini yochuluka ndiyo imawononga timinofu ta m'chiboda. Msipu wanthete wa mvula yoyamba ndi gaga wa chimanga ndiye shugayo. Ine ndinaona kuwonda, ndinaganiza njala.

Tinathira mchenga wambiri m'khola kuti phazi lizimira pofewa. Kuyenda kunaletsedwa; abambo aja ankafuna kumuyendetsa kuti magazi ayende, dokotala anakana kwamtuwagalu. Anapereka phenylbutazone wochepetsa ululu, ife tinkaviika ziboda m'madzi ozizira a pachitsime. Gaga tinachotsa, kudambo tinasiya. Udzu wouma tinkauviika m'madzi pafupifupi ola limodzi kuti shuga wina atsalire m'madzimo. Koma kumumana chakudya ayi, njala imabweretsanso matenda ena. Mankhwala a Cushing alipo, pergolide, ndipo kuti utsimikize matendawa pamafunika kuyeza mahomoni otchedwa ACTH m'magazi. Zonsezi mwini famu anachita kukazisaka kutali.

Phunziro limene lindivutabe ndi kudekha. Chiboda chimakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi kapena kucheperapo, moti kuti chatsopano chifike pansi pamatha pafupifupi chaka. Pa masabata 6 mpaka 8 aliwonse timasenga ndi tupa, kufupikitsa kutsogolo pang'onopang'ono, osakhudza kwambiri kuphazi. Dzanja langa likadali lolemera, ndiye dokotala amandilola kugwira mwendo ndi kuyang'ana.

Chichokereni apo ndimayang'ana pansi ndikamayenda. Abulu okoka ngolo za kachewere m'misewu ya ku Tsangano ndimawaona ziboda zitatalika mpaka kupindikira m'mwamba, zina zili ndi mizere yotalikirana chakuchitendene, chizindikiro chakuti laminitis inadutsapo kale. Bulu sadandaula. Amangogona pafupipafupi, eni ake n'kumati waulesi. Chiboda cha bulu n'cha dziko louma, chimamwa madzi msanga, choncho matope a m'khola nyengo ino amachiwoletsa mpaka kununkha.

Dzulo m'mawa ndinapitanso ku famu ija. Ndinagwada pamchenga, ndinaika zala pamalo paja, ndinafufuza kwa kanthawi ndisanamve kugunda. Pansi pa ubweya pamene chiboda chimayambira paoneka kachigawo katsopano kosalala, kukula kwake ngati chala changa chaching'ono. Abambo aja anaima pakhomo la khola ndi ndowa ya udzu woviika, akumwetulira. "Gaga uja ndapatsa nkhumba, achimwene."