Timaonetsa alendo malinga amene chiswe chinadya kale

Bizinesi yathu ili pa Chikwawa, ndipo ntchito yake ndi kuperekeza ana a sukulu, aphunzitsi ndi alendo ena kumalo a mbiri yakale m'chigwa cha Shire. Tinayamba ndi anthu atatu ndi njinga zamoto ziwiri. Minibasi timachita kubwereka, bwato timalipira eni ake padoko.

Ambiri amafika atawerenga nthano za nkhondo, m'mutu muli makoma amiyala ndi mizinga. Timawauziratu tisanalandire ndalama kuti zotsala za malinga otere akazione ku Fort Lister kapena ku Fort Mangochi. Malinga a mafumu a Amakololo (anthu amene anabwera ndi David Livingstone) kuno anali a mitengo ndi dothi, ndipo chiswe, moto wa tchire ndi madzi osefukira zinamaliza zonse. Chimene timagulitsa ndi kumuimika munthu pamalo oyenera kuti aone yekha chifukwa chimene anthu ankalimbirana gombe limenelo.

Ulendo wa tsiku limodzi umayambira pa mathithi a Kapichira, m'malire a Majete. Apa ndi pamene sitima ya David Livingstone, Ma Robert, inalephera kupitirira mu 1859, ndipo kuyambira pamenepo katundu yense wopita kumtunda ankasenzedwa pamutu. Ukamvetsa zimenezi, wamvetsa chifukwa chake mafumu a Amakololo monga Kasisi, Chipatula, Katunga ndi anzawo amene anatsala Livingstone atachoka anakhazikika m'mbali mwa mtsinje: mwini doko ndiye ankadya msonkho. Pafupi pomwepo pali manda a Richard Thornton, katswiri wa za miyala wa pa ulendo wa Livingstone, amene anamwalira mu 1863. Pobwerera timaima pa manda a Henry Scudamore ndi John Dickinson, amishoni a UMCA, mishoni ya mpingo wa Anglican, amene anamwalira chaka chomwecho m'mudzi wa mfumu Chibisa.

Ulendo wa ku Chiromo ndi wa masiku awiri, ndipo ndi umene umavuta. Kumeneko, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA anafa ndi malungo pa 31 Januwale 1862. Dera lomweli ndi limene asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal anamenyanira ndi Amakololo mu Novembala 1889, mpaka boma la Britain linaopseza Portugal mu Januwale 1890, ndipo pangano la 1891 linaika Ruo kukhala malire. Tsidya lina la Ruo ndi Mozambique. Mlendo wopanda zikalata sitimuolotsa, ngakhale wabwato atanena kuti n'pafupi. Njanji yochoka ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 podzera pa Chiromo, koma madzi a 1997 anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo. Choncho timaoloka pabwato pa Mtayamoyo, kapena kuzungulira msewu wa tsidya la kum'mawa kuchokera pa Thabwa.

Nyengo ndiye imalamula zonse. Timayenda kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mwana wa sukulu wochokera kumtunda amakomoka asanamve n'komwe za mfumu Chipatula. M'dzinja makande amamata matayala, galimoto imatitimira pamalo ooneka ouma pamwamba. Timanyamuka 6 koloko m'mawa, pofika 11 koloko tikhale pamthunzi. Munthu aliyense timamuwerengera malita atatu a madzi, kuonjezapo mapaketi a Thanzi m'chikwama cha woperekeza. Gulu lisapitirire anthu 12 pa woperekeza mmodzi, pakuti akumbuyo samva kanthu ndipo ndiwo amatsetserekera kumadzi kukasamba m'manja, kumene kuli ng'ona. M'bwato aliyense amavala jekete loyandamitsa, ndipo dzuwa likapendeka sitioloka chifukwa mvuu zimakhala zayamba kusuntha.

Pa nkhani ya mtengo wa ulendo ambiri amagwa. Wobwereketsa minibasi amawerengera tsiku, osati makilomita, ndiye mukachedwa padoko ola limodzi lokha n'kugona panjira, phindu lonse lapita. Timatenga theka la ndalama sabata imodzi ulendo usanachitike, ndipo pamtengo timaikamo kale cholowa cha ku Majete, wabwato, ndi kangachepe ka amfumu a mudzi umene tikupondamo.

Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona ku Nsanje, sitipita ngati kokaona zinthu. Malowa ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuvomerezedwa kukhala chuma cha dziko lonse lapansi kuyambira 2011, koma eni ake ndi Amang'anja ndi mfumu yawo yaikulu Lundu, ndipo mapemphero a mvula sanathe. Timatumiza uthenga kwa osunga malo masiku angapo tisanafike, nsapato timavula, kamera imakhala m'chikwama mpaka atatilola. Akanena kuti lero ayi, timafotokozera alendo nkhani ya Mbona tili kunja kwa nkhalango, ndipo gawo limenelo la ndalama timabweza.