Kabodi ka TP4056 ndi mabatire a 18650 m'kutentha kwathu kuno ku Tete

Amisiri okonza mafoni ndi mawailesi ku Ulongwe, ku Moatize ndi m'tauni ya Tete amakonda kuphwasula mabatire a malaputopu akufa n'kutolamo timabatire tozungulira ta lithium totchedwa 18650. Timeneti timalowa m'matochi, m'masipika ndi m'timabodi ta ESP32, timakompyuta tating'ono ta WiFi, toyang'anira pampu ya kudimba. Chotchajira chake nthawi zambiri ndi kabodi kabuluu ka TP4056. Kamagwira bwino ntchito, koma sikadziwa kukula kwa batire limene mwalumikizako, ndipo sikamva ngati latentha. Ziwirizi zili m'manja mwanu.

Katchipi ka TP4056 kamene kali pakabodipo kamayamba ndi kuyeza batire. Likakhala pansi pa 2.9 V, kamalipatsa magetsi pang'ono, gawo limodzi la magawo 10 a mlingo wake, kuti lidzuke kaye. Likapitirira pamenepo kamatsegula mlingo wonse, womwe pa kabodi kongogula kumene ndi 1 A, ndipo sikasintha mpaka batire lifike pa 4.2 V. Moto wambiri umalowa m'nthawi imeneyi. Kenako kamagwira 4.2 V osakweranso, ma-amp n'kumatsika okha, ngati mmene munthu amachepetsera madzi chigubu chikafika m'khosi. Akatsika kufika pa 100 mA kamadula, getsi lofiira n'kuzima, labuluu n'kuyaka. Batire la 2000 mAh limatha maola pafupifupi 3. Mukalisiya pomwepo, kamadzayambanso kutchaja likatsikira cha pa 4.05 V.

Vuto loyamba ndi 1 A ija. Lamulo labwino ndi kutchaja ndi theka la nambala ya mAh ya batire: la 2000 mAh lilandire 1000 mA kapena kucheperapo, la 300 mAh lochotsa m'kasipika lisapitirire 150 mA. Laling'ono ngati limeneli mukalipatsa 1 A lingatupe ngati mtsamiro. Mlingowu umakhazikitsidwa ndi karesistor kolumikizidwa ku mwendo wachiwiri wa tchipi, kolembedwa 122, kutanthauza 1.2 kΩ. Gawani 1200 ndi ma-ohm a resistor, mupeza ma-amp. Ya 2.4 kΩ imapereka pafupifupi 500 mA, ya 10 kΩ cha m'ma 120 mA. Kanthuka n'kakang'ono kwambiri moti powotcherera pamafunika kansonga kowonda ndi dzanja losanjenjemera. Mabatire a m'malaputopu anatopa kale, choncho ndi bwino kuwatchaja pa 500 mA ngakhale pachikuto palembedwa zambiri. Mukawona 18650 lolembedwa 9900 mAh, lisiyeni pamsika pomwepo, chifukwa enieni amathera cha m'ma 3500 mAh.

Nkhani ya kutentha ndiyo yathu kwambiri. TP4056 imatsitsa mavoti mwa kuwotcha otsalawo. Ngati tchaja ikupereka 5 V, batire lili pa 3.3 V, ndipo mukudutsa 1 A, ndiye kuti 1.7 W ikusanduka kutentha pa katchipi kochepa kuposa chikhadabo. Katchipiko kamadziteteza kokha pochepetsa ma-amp kakapsa, koma batire limene lagundana nako m'kabokosi kapulasitiki lilibe pothawira. Batire la lithium silifunika kutchajidwa likapitirira 45 °C. M'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wokha umadutsa 40 °C, nanga pansi pa denga lamalata masana? Tchipi ili ndi mwendo wa TEMP womvera kutentha kwa batire, koma pa mabodi otchipawa anaulumikiza ku GND, yomwe ndi mbali ya -, ndiye kuti n'ngogontha. A kumtunda ku Angónia ndi Tsangano ali bwinoko, koma a ku Moatize atsitse ma-amp, atalikitse batire ndi kabodi, aboole mabowo m'bokosi.

Mabodiwa alipo amitundu iwiri. Gulani okhala ndi malo anayi owotcherera mbali yotulukira magetsi: B+ ndi B- a batire, OUT+ ndi OUT- a chipangizo chanu. Amenewa ali ndi timatchipi ta chitetezo ta DW01A ndi 8205A, timene timadula batire pakachitika shoti kapena likatsika kufika cha pa 2.4 V. Mukalumikiza chipangizo ku B+ ndi B-, chitetezocho mwachilambalala. Komanso 2.4 V ndi pansi kwambiri. Ngati mukulemba pulogalamu, iuzeni ESP32 igone batire likafika pa 3.2 V. Batire lopezeka lili pansi pa 2 V litayeni, chifukwa mkuwa wa m'kati umakhala utayamba kusungunuka ndipo ungadzachititse shoti potchaja. Yezani + ndi - ndi multimeter musanawotcherere, kutembenuza kamodzi kokha tchipi imapsa.

Cholakwika chobisika kwambiri ndi kutchaja chipangizo chikugwira ntchito. Tchipi imadikira kuti ma-amp atsike pa 100 mA, koma ESP32 ikayatsa WiFi imakoka oposa pamenepo. Getsi lofiira silizima, batire limangokhala pa 4.2 V usana ndi usiku, n'kukalamba msanga. Mukachepetsa mlingo kukhala 500 mA, podulira pamatsikanso kufika pa 50 mA, vuto n'kukula. Mankhwala ake ndi P-MOSFET (transistor yogwira ntchito ngati swichi) ngati AO3401 pakati pa OUT+ ndi chipangizo, diode ya Schottky ngati 1N5819 kuchokera ku 5 V kupita ku chipangizo, ndi mwendo wa gate wa MOSFET-yo wolumikizidwa ku 5 V yomweyo komanso ku GND kudzera pa resistor ya 100 kΩ. Tchaja ikalowa, chipangizo chimadya ku tchaja, batire n'kudzaza palokha.

Pa sola samalani. Panelo lotchedwa la 12 V limatulutsa cha m'ma 20 V likakhala pa dzuwa osalumikizidwa ku chilichonse, pamene TP4056 siipirira zoposa 8 V. Ikani pakati kabodi ka LM2596 kotsitsira mavoti pa 5 V, kapena pezani panelo la 6 V. Kabodi ka USB-C kakakana kuyaka ndi chingwe cha C mbali zonse ziwiri, n'chifukwa choti kalibe maresistor a 5.1 kΩ pa miyendo ya CC1 ndi CC2 ya polowera USB-C; chingwe cha USB-A chimakayatsa. Mabatire awiri olumikizidwa motsatizana amafuna 8.4 V ndi BMS yawoyawo, kabodi koyang'anira ndi kuteteza mabatire, ndipo a mtundu wina wa lithium wotchedwa LiFePO4 amadzala pa 3.65 V, choncho onsewa asakhudze kabodi aka.