Zimene ndaphunzira posintha injini ya basi yogonamo

Ife ophunzira zokonza magalimoto, nthawi ikakwana amatitumiza m'magalaja kuti zimene tinalemba m'makope tikazigwire ndi manja. Ine ndili pa galaja ina ku Matawale, ku Zomba, ndipo ntchito yaikulu imene ndagwirako chifikireni ndi yosintha injini ya Toyota Coaster yakale, ya mtundu uja unkapangidwa kuyambira 1982 mpaka 1993. Eni ake ndi bambo ndi mayi opuma pantchito. Anachotsamo mipando n'kuikamo bedi, makabati, sinki ndi thanki ya madzi ya malita 200, kuti akapita pa phiri la Zomba, ku Liwonde kapena kunyanja azigona momwemo.

Basiyi inabwera ndi injini ya 3B, yadizilo, ya masilinda anayi, malita 3.4. Ndi injini yolimba, koma iyi inali itatheratu. Inkamwa oyilo, utsi wake unali wobiriwira, ndipo m'mawa kukazizira inkalira movutikira. Titayeza mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda tinapeza awiri atatsika kwambiri. Pamwamba pa kutha kumeneko panali katundu. Matabwa a makabati ndi olemera, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki yokhayo ikadzaza ndi makilogalamu 200 amene basi imayenda nawo kulikonse.

Bambowo anagula injini yogwirapo kale ntchito ya 1HZ, ya masilinda sikisi, malita 4.2, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990. Ine ndikanasankha 14B ya malita 3.7, chifukwa ndi ya banja limodzi ndi 3B ndipo zambiri zikanangolowa popanda kudula chitsulo. Koma maganizo awo ndinawamvetsa. 1HZ ndi injini yomwe ili m'ma Land Cruiser ambiri oyenda m'misewu ya kumidzi, ma ambulansi ndi magalimoto a mabungwe, ndiye zipangizo zake sizisowa, ndipo makaniko wa ku Ntaja kapena ku Monkey Bay akaiona sadabwa nayo. Ilibe kompyuta. Kwa anthu ofuna kugona kutali ndi tauni, zimenezi n'zofunika.

Kuchotsa yakaleyo kunatichedwetsa chifukwa cha ukalipentala. Injini ya Coaster imakhala pansi, pambali pa dalaivala, ndipo umaifikira potsegula chivindikiro cha m'kati. Amene anakonza m'katimo anakhomera kabati mpaka pamphepete pa chivindikirocho. Tinachita kumasula kaye kabatiyo. Aliyense amene akusandutsa basi kukhala nyumba asiye malo amenewa, chifukwa ngakhale kusintha sefa ya mafuta kumafuna kuti dzanja lilowe.

Phunziro langa lenileni linayamba injini yatsopano italendewera pa tcheni. M'kalasi timaphunzira injini payokha, mabuleki paokha, magetsi paokha, mutu uliwonse ndi mayeso ake. Pa basi zonsezi n'zolumikizana, ndipo ukasintha injini wakhudza zonse.

Amisiri athu asanatilole kumanga bawuti ngakhale imodzi, anatifunsa kuti mphamvu yothandizira mabuleki ichokera kuti. Injini ya petulo imakoka mpweya m'paipi yake yolowetsera, ndipo kukokako ndi kumene kumafewetsa buleki dalaivala akaponda. Yadizilo sikoka choncho, imafuna pampu yakeyake. Pa 3B pampuyo ili kumbuyo kwa alternator, chida chopanga magetsi otchajira batire. Pa 1HZ ili kutsogolo kwa injini ndipo imayendetsedwa ndi magiya. Ndiye kuti ukachotsa 3B ndi alternator yake, wachotsanso pampu ya mabuleki, ndipo paipi iyenera kuyalidwa mwatsopano kuchokera malo ena, kutali ndi kutentha kwa ekisozi, yopanda pobowoka paliponse. Ikadontha mpweya injini imalira bwinobwino, basi n'kunyamuka, koma buleki imauma ngati mwala pamene ukuifunitsitsa.

Nkhaniyi ndinaimva kulemera kwake chifukwa tili ku Zomba. Tauni ili pamalo okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000. Amene anakwerapo msewu wopita ku Ku Chawe amadziwa kupapatiza kwake, makona ake ndi phompho lili m'mbali. Bambowo ankakamba za kukwera, kuti atopa ndi kukwawa pa giya yoyamba. Amisiri athu ankaganiza za kutsika. Basi yolemera ikamatsika phiri ndi mabuleki okha, zitsulo zimatentha, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi. N'chifukwa chake tinataya nthawi yambiri pa buleki ya ekisozi, kachitseko kotseka utsi kuti injini izigwira basi potsika. Paipi ya 1HZ ndi yosiyana ndi yakale, choncho tinawotcherera chigawo chatsopano kuti kachitsekoko kakhale pamalo pake, ndipo tinakayesa kangapo kuti kakutseka dalaivala akachotsa phazi pa mafuta, n'kutseguka akaponda kilatchi.

Kukweranso kuli ndi zake. Injini yopanda turbo, chida chokankhira mpweya wambiri m'masilinda, imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 aliwonse, chifukwa mpweya umapepuka. Pokwera basi imayenda pang'onopang'ono, mphepo yowomba rediyeta n'kuchepa pamene injini ikugwira ntchito yaikulu. Rediyeta ya masilinda anayi sikanakwanitsa. Tinaikamo yokulirapo, ndipo amisiri anaumirira kuti chotchingira fani chibwerere, chija ambiri amataya poti chimavuta kumanga. Popanda icho fani imangozungulitsa mpweya wotentha m'malo mokoka wozizira kudutsa m'rediyeta.

Zina zinali zoyeza ndi kudula. 1HZ ndi yaitali, giyabokosi ya 3B sigwirizana nayo, ndiye inabwera ndi yake, zomwe zinachititsa kuti shafiti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo ifupikitsidwe ku Blantyre komwe ali ndi makina oilinganiza kuti isanjenjemere. Zokhazikirapo injini tinapanga zatsopano ndipo tinazimanga ndi mabawuti, chifukwa kuwotcherera chesesi mwachisawawa kumaifooketsa. Magetsi a basiyi ndi a mavolti 24, mabatire awiri, pamene injini zina za 1HZ zimabwera ndi zida za mavolti 12. Sitata, mapulagi otenthetsera ndi kachida kozimitsira mafuta pa pampu tinaziwerenga chimodzichimodzi tisanalumikize waya. Magetsi a m'nyumbamo, a firiji ndi nyale, tinawasiya pa batire yawoyawo kuti anthu akagona ku Mulunguzi, pa phiri la Zomba, asadzuke sitata ili chete.

Kusiyana kwina kumene eni ake ayenera kukumbukira: 3B imayendetsa mavavu ndi magiya, koma 1HZ ili ndi lamba. Lambayo akaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Popeza injini yogula yakale sibwera ndi mbiri yodalirika, tinaika lamba watsopano isanalowe m'basi, pomwe manja amafika mosavuta, n'kulemba makilomita pa chivindikiro kuti adzasinthenso akayenda 100,000.

Pano basi ikulira ndipo tayenda nayo pa msewu wa M3 mpaka ku Namadzi, singano ya kutentha osasuntha. Kuphiri sitinapite. Amisiri akufuna nambala ya injini yatsopano iyambe yalembedwa m'mapepala a galimoto ku Road Traffic, kenaka tidzadzaze thanki ya madzi, tikweze katundu yense amene eni ake amayenda naye, ndipo tikaiyese potsika pa giya yachiwiri. Ine andipatsa ntchito yodzagwira geji yoyezera kukoka kwa mpweya pa paipi ya mabuleki ulendo wonsewo.