Mmene ndinatsitsira mafuta a m'magazi, ndi tsiku limene ndinasala chakudya pachabe

Mwezi watha adokotala anayang'ana pepala la zotsatira zanga n'kunena kuti mafuta a m'magazi, amene achipatala amati cholesterol, tsopano atsika kufika pamene iwo amafuna. Mtima unakhala m'malo, koma mkwiyo wa zina zimene ndinakumana nazo sunathe, choncho ndaona kuti ndilembe kuti anzanga amene auzidwa za vuto lomweli asataye nthawi ndi ndalama monga zinandichitikira ine. Ndine bambo wa zaka zopitirira 50, ndimagwira ntchito ya muofesi mu Lilongwe, ndipo ndakhala ndikumwa amlodipine chifukwa cha BP kwa zaka zingapo. Sindinkamva kupweteka paliponse, chifukwa vutoli silipweteka ndipo silionekera kunja. Mafuta amangounjikana m'kati mwa mitsempha ya magazi pang'onopang'ono mpaka tsiku limene mtsempha wodyetsa mtima kapena ubongo udzatsekeke. Ndinakayezetsa chifukwa chakuti achimwene anga anadwala sitiroko, ndipo dokotala amene ankawaona ananena kuti abale awo onse amene ali ndi BP ayenera kuyezedwa.

Anandilembera kuyezetsa kumene amati lipid profile, n'kundiuza kuti ndisadye kanthu kwa maola 9 mpaka 12 ndisanatengedwe magazi, kupatula kumwa madzi. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinadya nsima molawirira madzulo, ndipo m'mawa ndinanyamuka osalawa ngakhale tiyi kupita kuchipatala china cholipira. Kumeneko lamulo lake n'lakuti munthu ayambe walipira asanaone khomo la labu, ndiye ndinaima pamzere wa kolipirira, ndinapereka ndalama zimene sizinali zochepa, ndinalandira lisiti, kenaka ndinakakhala pabenchi ya kulabu. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, m'mimba mukulira ndipo mutu ukuwawa, dzina langa linaitanidwa, ndipo mayi amene anali pawindo anayang'ana pepala langa n'kunena kuti, "Pepani bambo, mankhwala oyezera cholesterol anatha sabata yatha." Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Nanga amayi, a kolipirira aja anandilandiriranji ndalama ngati mankhwalawo anatha sabata yatha?" Anandiyankha kuti za kolipirira n'za kolipirira, iwo ndi a kulabu.

Chipatala chake n'chimodzi, khonde lake n'limodzi, zitseko ziwirizo n'zoyang'anana, koma panalibe amene anaganiza zomata kapepala pawindo la kolipirira kudziwitsa anthu kuti kuyeza kwakutikwakuti kulibe. Sindinali ndekha pabenchi paja. Panalinso agogo ena odwala shuga amene nawonso anabwera osadya, ndipo kwa munthu wa shuga kukhala ndi njala mpaka masana si nkhani yamasewera. Nditabwerera kolipirira kuti andibwezere ndalama zanga, anati ndalama ikalowa m'kompyuta siituluka popanda siginecha ya owerengera ndalama, ndipo owerengera ndalamawo anali pamsonkhano umene palibe ankadziwa kuti utha nthawi yanji. Ndinadikira mpaka anthu anayamba kuweruka, kenaka ndinauzidwa kuti ndibwere mawa. Tchuthi chinapita, ndalama za minibasi zinapita, ndipo ndalama zangazo zinabwezedwa patapita nthawi yaitali nditazilondola mochita kugwada, ngati kuti ndikupempha ngongole.

Choncho langizo langa loyamba, limene ndilibwerezenso, n'lakuti musasale chakudya musanafunse ku labu kwenikweniko ngati makina akugwira ntchito ndiponso ngati mankhwala oyezera alipo. Musafunse polandirira alendo kapena kolipirira, chifukwa kumeneko yankho lake nthawi zonse ndi "bwerani". Pitani dzulo lake kapena imbani foni, ndipo pemphani kuyankhula ndi munthu amene amatenga magazi. Chimene chinawonjezera mkwiyo wanga n'chakuti dokotala wina anadzandiuza pambuyo pake kuti masiku ano madokotala ambiri saumiriza kusala chakudya poyeza cholesterol koyamba, ndipo kusalako kumafunika makamaka akafuna kuona bwino mtundu wina wa mafuta wotchedwa triglycerides, umene umakwera munthu akangodya. Funsani amene wakulemberaniyo ngati kusala kukufunikadi kwa inu.

Ndinakayezetsa kulabu ina, ndipo pepala linatuluka ndi manambala anayi amene palibe anandifotokozera mpaka nditaumirira. Nambala yoyamba ndi cholesterol yonse, imene kwa anthu ambiri imafunika kukhala pansi pa 5 mmol/L, ndipo yanga inali itapitirira 7. Yachiwiri ndi LDL, mtundu umene umamatirira m'mitsempha, umene umafunika kukhala pansi pa 3, ndipo kwa munthu amene anadwalapo mtima, sitiroko kapena shuga madokotala amafuna utsike kuposa pamenepo. Yachitatu ndi HDL, mtundu wothandiza umene umanyamula mafuta kubwerera nawo kuchiwindi, ndipo uwu ndi wokhawo umene mumafuna ukwere, kupitirira 1 kwa abambo ndi 1.2 kwa amayi. Yachinayi ndi triglycerides, amene munthu akayezedwa asanadye amafunika kukhala pansi pa 1.7. Makina ena amalemba manambalawa mu mg/dL monga amachitira ku America, ndipo pamuyezo umenewo cholesterol ya 5 mmol/L imaoneka ngati 193, choncho mukaona 190 papepala lanu yambani mwayang'ana muyezo wake musanayambe kuitana abale. Uzani achipatala alembe manambala onse anayi m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa mapepala a kulabu amasowa, ndipo dokotala wotsatira sangadziwe ngati mankhwala akugwira ntchito popanda kuona pamene munayambira.

Nkhani ya mankhwala nayonso inandibweza m'njira. Woyamba kundiona ndi zotsatirazo anandilembera simvastatin wa 40 mg mothamanga, osatsegula n'komwe masamba a m'mbuyo a buku langa. Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wa kufamase, amene asananditengere mankhwalawo anafunsa kuti, "Bambo, pali mankhwala ena amene mumamwa tsiku ndi tsiku?" Nditatchula amlodipine anagwedeza mutu n'kundifotokozera kuti amlodipine amachedwetsa thupi kuchotsa simvastatin, kotero kuti munthu womwa mitundu iwiriyi pamodzi sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin, apo ayi chiopsezo cha kuwonongeka kwa minofu chimakula. Ndinabwerera kuchipatala, ndinalipiranso ndalama yoonana ndi dokotala kuti akonze zimene iwo omwe analakwitsa, ndipo dokotala wina amene ndinamupeza tsikulo anandisinthira ku atorvastatin wa 20 mg, amene ndikumwa mpaka pano. Tchulani mankhwala anu onse ngakhale musanafunsidwe. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, sayenera kumwa simvastatin, ndipo maantibayotiki a erythromycin ndi clarithromycin nawonso sagwirizana naye. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi auze adokotala asanayambe mankhwala otsitsa cholesterol a gulu la statin, monga simvastatin ndi atorvastatin.

Simvastatin amamwedwa usiku chifukwa chiwindi chimapanga cholesterol yambiri munthu akagona ndipo mankhwalawo sakhalitsa m'thupi, pamene atorvastatin amakhalitsa ndipo mukhoza kumwa nthawi iliyonse bola ikhale yofanana tsiku lililonse. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake kusintha zakudya kokha sikukwanira kwa anthu ena: cholesterol yambiri imene ili m'magazi imapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ndipo mankhwala a gulu la statin amagwira ntchito pochepetsa kapangidwe kameneko. N'chifukwa chake munthu woonda amathanso kukhala ndi vutoli. Anzanga ena kuntchito ankandiopseza kuti awa ndi mankhwala achilendo amene azungu akutiyesera, koma zoona zake n'zakuti woyamba kuwapeza anali wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970, ndipo statin woyamba analoledwa kugulitsidwa ku America mu 1987. Ena ankati ndingomwa adyo, mandimu ndi masamba a chammwamba. Zimenezo ndimadya monga zakudya, koma sindinaone chifukwa chosiyira mankhwala amene zotsatira zake ndikuziona papepala.

Ndinayamba kugula mankhwalawa kwacha itangochepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mankhwala ochokera kunja inkasintha pafupipafupi. Chimene chinandithandiza n'kufunsa dzina lenileni la mankhwala, atorvastatin, osati dzina la malonda monga Lipitor, ndi kufunsa mtengo m'mafamase angapo ndisanagule, chifukwa kusiyana kwake kumadabwitsa. Gulani m'famase yovomerezedwa ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi mafamase la PMRA, osati kwa ogulitsa mapiritsi pamsika.

Mapiritsi ndi mbali yosavuta. Chovuta chinali nkhomaliro, chifukwa kwa zaka zambiri chakudya changa chamasana chinali cha pachiwaya: chipisi, kanyenya wonona, nthawi zina zam'mimba, ndipo Loweruka mang'ina. Mafuta a nyama, chikopa cha nkhuku, batala, ndi mafuta ophikira amene awiritsidwa mobwerezabwereza mpaka kuda ndiwo adokotala anati ndichepetse kwambiri, pamodzi ndi mandasi amene ndinkamwera tiyi muofesi. Mazira, amene ndinkaganiza kuti ndiwo mdani wamkulu, anati si oopsa kwenikweni ngati sindikuwadya mopitirira muyezo kapena kuwakazinga m'mafuta ambiri. Amayi a kunyumba ndiwo anagwira ntchito yaikulu. Anayamba kuphika nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama kangapo pasabata, therere pafupipafupi, ndiponso phala la oats m'mawa zikapezeka, chifukwa zakudya zimenezi zili ndi ulusi wina umene umathandiza kuti cholesterol ituluke kudzera m'matumbo m'malo mobwerera m'magazi. Nkhwani ndi bonongwe amatendera ndi nsinjiro m'malo mothira mafuta, usipa ndi utaka amaphika ndi matimati m'malo mokazinga, ndipo nyama amachotsa zonona zonse asanaike pamoto. Mapeyala ndi mtedza zili ndi mafuta abwino, koma anandichenjeza kuti nazonso zimanenepetsa zikachuluka.

Nkhondo yeniyeni inali ya mgaiwa. Ana anakana kwamtuwagalu, akuti ndi nsima ya kusukulu yogonera konko, ndipo kwa nthawi ndithu m'nyumba mwathu munkaphikidwa nsima ziwiri, ya ufa woyera ya iwo ndi ya mgaiwa yanga, mpaka mtengo wa makala unatigwirizanitsa. Mchere tinachepetsanso chifukwa cha BP, potsatira malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO akuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku. Mowa ndi zakumwa zotsekemera zimakweza triglycerides, ndipo pamaukwati ndi pazinkhoswe ndinaphunzira kunena kuti adokotala anandiletsa, chifukwa pokhapokha utatchula adokotala m'pamene anthu amasiya kukukakamiza.

Chinthu chimodzi chimene palibe anandikonzekeretsa n'chakuti kuno kwathu mwamuna akayamba kuchepa mimba anthu amayamba kunong'onezana. Ena anandifunsa maso ndi maso ngati ndikudwala, ena anafunsa amayi a kunyumba ngati ntchito yatha. Mimba yaikulu timaitenga ngati umboni wakuti zinthu zikuyenda, ndipo maganizo amenewa ndi amene anachititsa achimwene anga kuseka aliyense wowauza za kunenepa mpaka pamene anagwa. Za kulimbitsa thupi sindinalipire kulikonse. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo ine ndimatsika minibasi patali ndi ofesi n'kuyenda mwandawala, madzulonso chimodzimodzi mvula ikapanda kugwa.

Ndaiwala kunena kuti asanakuyambitseni statin amayenera kuyeza chiwindi, kuyeza kumene papepala amalemba kuti ALT, ndipo pakatha pafupifupi miyezi itatu amayezanso chiwindicho pamodzi ndi cholesterol kuti aone ngati mankhwala akugwira ntchito. Woyamba uja sananenepo kanthu za izi. Anandilembera ndi dokotala wachiwiri. Apanso, funsani ku labu musanasale chakudya ndiponso musanalipire, ndipo funsani za mitundu yonse iwiri ya kuyezako, chifukwa zimatheka kuti mankhwala oyezera chiwindi alipo koma a cholesterol palibe. Masabata oyambirira miyendo inkandiphwanya pang'ono, ndipo nditawauza adokotala anapeza kuti kunali kuyenda kumene thupi linali lisanazolowere. Koma anandiuza momveka bwino kuti ndikamva kupweteka kwambiri kwa minofu popanda chifukwa, kufooka, kapena mkodzo ukada kwambiri, ndisadikire tsiku la kiliniki koma ndipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Manambala anga atatsika ndinafunsa ngati ndingasiye kumwa mankhwala, ndipo yankho linali lakuti ayi, chifukwa atsika kaamba ka mankhwalawo ndipo ndikasiya chiwindi chidzabwerera ku kapangidwe kake kakale m'masabata ochepa. Tsopano ndizikayezetsa kamodzi pachaka. Adokotala anawonjezera kuti pali mtundu wina wa cholesterol yokwera umene umayenda m'magazi a pabanja, umene umapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo poti achimwene anga anadwala asanakalambe, abale athu otsala ngakhalenso ana athu akuluakulu ayenera kuyezedwa. Mlongo wanga wa ku Mzuzu wavomera kupita mwezi uno, ndipo ndamuuza kuti ayambe waimba foni ku labu, atenge buku lake la kuchipatala, ndipo anyamule mabokosi a mankhwala onse amene akumwa kuti adokotala akawaone okha.