Sabata yomwe kalasi lonse linavala mahedifoni

Ntchito yanga ndi kuthandiza ana ovutika kuwerenga, kulemba ndi masamu, koma sindiwatulutsa m'kalasi. Ndimalowa momwemo n'kugwira ntchito limodzi ndi aphunzitsi a kalasilo. Zoti ana onse aziphunzira pamodzi maboma a mayiko 92 anagwirizana mu 1994, pa msonkhano wa UNESCO ku Salamanca, m'dziko la Spain. Kusaina kunali kosavuta, ntchito inatsalira ife.

Lolemba tinali ndi phunziro la sayansi, la momwe madzi amasandukira nthunzi n'kubweranso ngati mvula. Nkhaniyo ndinaiika mu Immersive Reader, pulogalamu ya Microsoft yomwe imawerenga mokweza uku ikuwalitsa mawu omwe ikutchula. Imadulanso mawu m'maphatikizo, ndipo mwana atha kusankha kuona mzere umodzi, itatu kapena isanu, ina yonse itabisika. Amene ndinkamufuna kwenikweni ndi mnyamata wina wa dyslexia, vuto lovutika kuwerenga ndi kulemba mawu, koma mahedifoni ndinagawira aliyense. Mwana wa msinkhu umenewu amalolera kulephera kusiyana n'kuti anzake azimuyang'ana ali yekha ndi chipangizo. Onse atavala, palibe anacheukira mnzake. Ndipo ana ena awiri omwe sanayezedwepo vuto lililonse sanavule mpaka belu kulira. Amenewo ndawalemba m'kope langa.

Lachiwiri kholo lina linafunsa za OpenDyslexic, zilembo zonenepa kumunsi zomwe anapangira anthu a dyslexia. Kafukufuku sanaonetse kuti zimafulumizitsa kuwerenga. Chomwe chinathandiza ana a ku Italy ndi ku France pa kafukufuku wa mu 2012 ndi kutalikitsa mpata pakati pa zilembo, ndiye ine ndimachita chimenecho.

Mkangano weniweni unabuka Lachitatu. Mnyamata uja anayankha funso la sayansi poyankhula, pulogalamu yolembera ya Google Docs n'kumalemba. Anafotokoza bwino lomwe chifukwa chake zovala zimauma msanga kukakhala mphepo, zomwe pa pepala akadazimeza n'kungolemba mizere iwiri. Aphunzitsi a kalasilo anandikokera pambali.

"Koma aphunzitsi, kumeneku si kubera? Anzake atuluka thukuta ndi cholembera."

Ndinawafunsa kuti lero tikuyesa chiyani, sayansi kapena kalembedwe ka mawu? Ngati ndi sayansi, mwanayu waidziwa ndipo malikisi ndi ake. Komabe nkhawa yawo siyopanda pake. Kompyuta yowerengera mwana simuphunzitsa kuwerenga. N'chifukwa chake nthawi ya kuwerenga ikakwana zonsezi timazitseka, timakhala pa kagulu kochepa ndi maliwu ndi maphatikizo, pang'onopang'ono, kubwereza mpaka zikhazikike. Kulemba ndi mawu nakonso kuli ndi zake: m'kalasi mukakhala phokoso kompyuta imalemba zamutu wake, ndipo zilankhulo zambiri siizimva n'komwe. Mwana amayenera kumvetsera zomwe yalemba n'kukonza. Aphunzitsiwo anavomera theka, theka linalo tikambiranabe.

Lachinayi anali masamu. Mtsikana wina wa dyscalculia, vuto lovutika kumvetsa manambala, ankaumirira kuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4, poti 8 imaposa 4. Kufotokoza pa bolodi kunakanika. Tinatsegula PhET, masewero aulere a sayansi ndi masamu ochokera ku University of Colorado Boulder, iye n'kumadula yekha bwalo m'zigawo. Atafika pa zisanu ndi zitatu anaona tizidutswa tikuchepa, anangoti, "Aa, kani!" Mafunso obwereza sitinachitire pa Kahoot, pulogalamu ya mpikisano wa mafunso, ngakhale ana amaikonda. Imapereka mapointi ochuluka kwa woyankha msanga, ndipo mwana amene amayamba walimbana ndi funso lenilenilo amapezeka kumunsi nthawi zonse, yankho akulidziwa. Tinagwiritsa ntchito Google Forms, yopanda wotchi yomuthamangitsa.

Lachisanu kunabwera mayi ake a mnyamata uja. Funso lawo silinali la malikisi.

"Aphunzitsi, za vuto la mwana wangazi, ndani akuziona pa intanetipo?"

Ndinawaonetsa kuti mu Google Classroom, pulogalamu yomwe timatumizira ana ntchito, ntchitoyo imatha kutumizidwa kwa ana osankhidwa okha, anzawo osadziwa kuti wina walandira ndime yofupikitsidwa. Lipoti la madokotala sindiliika m'mafayilo ogawana, limakhala lotsekeredwa mu ofesi. Kenako ndinawapempha foni yawo, n'kuwasonyeza pomwe angadine kuti iziwerengera mwanayo homuweki mokweza. Anayesa okha kawiri, kachitatu anaitana mwana wawo kuti awaonetse njira yachidule.