Manambala a impso m'buku lanu la kuchipatala

Akakutengani magazi pa chipatala cha boma ku Salima, nambala yoyamba kuiyang'ana m'buku lanu ndi creatinine. Izi ndi zinyalala zochokera m'minofu zomwe impso zimasefa n'kutaya mumkodzo, ndiye impso zikafooka nambalayi imakwera. Kwa akuluakulu ambiri imakhala pakati pa 60 ndi 110 µmol/L, amayi chakumunsi. Malabu ena amalemba mu mg/dL: chulukitsani ndi 88.4, kotero 1.2 ndi pafupifupi 106.

Koma 110 wa munthu uyu si 110 wa uyo. Msodzi wa ku Senga Bay wopalasa bwato usiku wonse, minofu ili gwa, angakhale ndi 110 impso zili bwinobwino. Agogo aakazi owonda a zaka 75 akapezeka ndi 110 yemweyo, zawo zafooka kale. N'chifukwa chake pali eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, yomwe amaiwerengera kuchokera ku creatinine, zaka zanu, komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Iyi vuto n'kutsika. Kupitirira 90 zili bwino. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiwo matenda a impso okhalitsa. Pansi pa 15 impso zatsala pang'ono kulekeratu, ndipo nkhani ya dialysis (kusefa magazi ndi makina) ku Kamuzu Central ku Lilongwe imayambika.

Miyezi itatuyo musaipeputse. Malungo aakulu, kolera kapena kutsegula m'mimba kwambiri kungakweze creatinine m'masiku awiri okha, munthu n'kulandira dripi ndi mankhwala, nambala n'kubwerera. Kupima kamodzi sikuweruza mlandu; pimitsaninso, ndipo buku lakale musataye, adokotala amafuna kuona komwe nambala ikulowera. Chosadikira ndi potassium, mchere wina wa m'magazi womwe impso zimataya. Akafika 6 kapena kupitirira, mtima ungaime, thandizo likufunika tsiku lomwelo.

Mkodzo nawo umaulula zomwe magazi sanayambe kuonetsa. Pakalembedwa protein ++, sefa ya impso ikudontha, kawirikawiri chifukwa cha shuga kapena BP, ngakhale munthu sakumva kupweteka paliponse. Kutupa mapazi ndi nkhope kumabwera mochedwa. Magazi mumkodzo kuno kunyanja timathamangira kunena kuti ndi likodzo, ndipo nthawi zambiri n'zoona, praziquantel amathandiza. Koma likodzo lokhalitsa limasiya zipsera m'njira yochokera ku impso kupita m'chikhodzodzo, mkodzo n'kumabwerera m'mbuyo, impso n'kutupa. Ngati creatinine wakweranso, pemphani sikani.

eGFR ikatsika, Brufen, diclofenac ndi Indocid zogula pagolosale zisiyeni. Mutu ukawawa, Panado. Mankhwala azitsamba osadziwika muyezo nawonso angapsereze impso. Amene muli pa ma ARV okhala ndi tenofovir, yemwe nthawi zina amafooketsa impso, musasiye kumwa panokha. Pitani ndi zotsatirazo ku kiliniki yanu, kumeneko ndi komwe amaona ngati pakufunika kukusinthirani mankhwala.